Mawu Awiri Amene Anakugonekani Kumphepete, a Meya

Dunstan Zalimba: nesi, khansala, meya

Lero zakwana zaka ziwiri, achimwene, chigwereni pakhonde la nyumba yanu ku Midland, nsapato imodzi mutamanga, inayo zingwe zili lendelende. Zaka ziwiri! Anthu amatiuza kuti mtima uzolowera, koma mpaka lero tikaima pa siteshoni ya sitima n'kumva munthu akuseka mokweza, timacheuka tonse kuyesa ndinu. Chithunzi chili pamwambachi tasankha dala chimene unyolo wa umeya wakhota pakhosi, chifukwa simunauvalepo mowongoka ngakhale tsiku limodzi. Munkati umakukumbutsani ng'ombe za pangolo kwathu ku Ntcheu.

Ndine mlongo wanu Margreth ndikulemba, m'malo mwa alamu anga Annastazia, mwana wanu Jacqueline, ndi achimwene athu aakulu a Yakobe kumudzi. Chaka chatha sitinalembe kalikonse, pakamwa panali polemera. Chaka chino Jacqueline wandiuza yekha kuti ndilembe zonse osabisa, ndiye mundipirire, mukudziwa kale kuti ine ndikayamba kulankhula sindichedwa kuiwala mabuleki.

Munabwera ku Perth kuno monga tinabwerera tonsefe, pa viza ya unesi, kudzagwira ntchito mutu uli pansi. Anakuikani kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi, ndipo kumeneko ndi kumene munayamba kuona nkhope zomwezomwezo. Mnyamata abwera ndi apolisi atakomoka ndi mankhwala ozunguza bongo, mumutsitsimutsa, apita kundende, atuluka, pakapita miyezi abweranso pamachira omwewo atawonda kuposa kale. Wina osabweranso, mungomva kuti anamupeza kuseri kwa mashopu atazizira. Anzanu ankati ndi mmene ntchitoyi ilili. Inu zinkakudyani mumtima, ndipo alamu ankakuonani pawindo mutakhala m'galimoto nthawi yaitali musanalowe m'nyumba.

Tsiku limene munatiuza kuti muima nawo pachisankho cha makhansala tinaseka mpaka kugwira nthiti. A Evaristo, mnzanu wa ku Chipata uja wowotcherera zitsulo ku Welshpool, anakufunsani kuti azungu akuvoterani bwanji pamene dzina lanu lomwe likuwakanika kutchula. Inu munangoyenda khomo ndi khomo ndi nsapato zanu za kuchipatala, agalu akukuuwani, mpaka munapambana. Patapita zaka munakhala meya wa khonsolo yathu ino ya kum'mawa kwa mzinda, ndipo tsiku limenelo tinavina pabwalo mpaka aneba anatuluka kudzaona ngati kwagwa ukwati.

Ife tinkaganiza kuti basi, achimwene azidula maliboni ndi kutsegulira mapaki a ana. Ayi ndithu. Munatulukira ndi nkhani imene inatiumitsa pakamwa. Munati munthu wopezeka ndi mankhwala pang'ono ogwiritsa ntchito yekha asamaponyedwe kundende, azitumizidwa kwa anamwino ndi alangizi, ndipo apolisi alimbane ndi ogulitsa. Munati kabotolo kopopera m'mphuno kaja, kamene kamadzutsa munthu wokomoka ndi mankhwala, kazipezeka kulaibulale ndi kusiteshoni ngati mmene zimapezekera zozimitsira moto. Munkadziwa kuti lamulo silisinthidwa ndi khonsolo, ndiye munkakwera sitima kupita m'tauni kukalankhula ndi opanga malamulo, kuwailesi, kulikonse kumene akupatsani mpando. Galimoto ya umeya munkaisiya dala, mukuti m'galimoto simukumana ndi munthu.

Amalawi anzathu sanachedwe kukupatsani dzina: meya wa chamba. Kutchalitchi ena anasiya kukhala nanu benchi imodzi. Ine ndemwe ndinkakunyogodolani kuti fodya simunamulawepo, mowa botolo limodzi mumayamba kusinza, ndiye mukudzipweteka chifukwa cha ndani? Munkaseka n'kudzimenya pantchafu, n'kundiuza kuti munthu asanaweruzidwe azifunsidwa kaye chimene chikumupweteka. Anthu ogona m'mabenchi a pasiteshoni munkawadziwa maina, ndipo munkawapatsa moni wa manja awiri ngati mukupereka moni kwa apongozi. Iwo ankadabwa poyamba, kenako anaphunzira, moti mpaka lero alipo mzungu wina wandevu amene amandipatsa moni atagwira chigongono.

Kunyumba nkhondo yanu inali ina, ya Chichewa cha Jacqueline. Mwanayu anafika kuno ali kumbuyo kwa amayi ake, ndipo monga ana onse okulira kuno, amamva chilichonse koma amayankha m'Chingerezi chake cha m'mphuno. Munkamunyengerera, munkamuseka, munkamukankhira foni kuti apereke moni kwa a Yakobe. Iye ankati ndili bwino kaya inu, n'kuthawira kuchipinda. Munkamuuza kuti lidzafika tsiku loti alankhule ndi kwawo inu kulibe, iye n'kukuyankhani kuti adadi musiye sewero.

Sabata yanu yomaliza inali yowawa. Munabweretsa kukhonsolo nkhani ya galimoto yachipatala yothandiza ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo yoti iziima pafupi ndi siteshoni, ndipo makhansala anaikana. Bambo wina anadzuka pakati pa anthu n'kukhuthulira patebulo panu thumba la majekeseni ogwiritsidwa kale ntchito, akukutukwanani ndi mawu amene sindingalembe pano. Wina anajambula pafoni. Kanemayo anayenda mpaka ku Ntcheu, kumene anthu sanamve Chingerezicho koma anaona mwana wawo akulalatiridwa pagulu atazolika. Chimene kanemayo sanaonetse n'chakuti munazolika chifukwa munkavala magolovesi. Munatolera majekeseni aja nokha, n'kumufunsa bamboyo kumene anawatola. Anati kupaki kumene amasewera ana ake. M'mawa mwake munapita naye limodzi kukasesa, ndipo madzulo munadya bwinobwino, mukuti nkhani ya galimoto mudzaibweretsanso mpaka atope nanu.

Loweruka m'mawa alamu anali pa shifiti kunyumba yosamalira okalamba. Munamwa mapilitsi anu a BP ndi tiyi monga mwa masiku onse, mukukonzekera kukwera sitima ya ku Fremantle kukakumana ndi amayi amene ana awo anafa ndi mankhwala. Jacqueline anali kukhitchini pamene anamva chinthu cholemera chikugwa pakhonde. Anakupopani pachifuwa monga munamuphunzitsira mpaka ambulansi inafika, manja ake atatupa. Madokotala anati mtima unangoima nthawi imodzi, ndipo ngakhale mukanagwera pakhomo pachipatala sizikanathandiza. Munthu amene dzulo lake anatsuka galimoto yanga akuimba, mawu ake oipa aja!

Ife akuluakulu tinabalalika mitu. Alamu anakomoka, ine ndinali pansi m'khonde la chipatala ndikudzigubuduza. Amene anakumbukira kuti kumudzi sanamve anali Jacqueline. Anatenga foni yanu n'kuimbira a Yakobe. Akanatha kundidikira, koma mumtima mwake anati uthenga wa imfa ya bambo ake sungafike kwawo m'Chingerezi. Anasonkhanitsa mawu onse amene munamuphunzitsa, nati adadi atisiya. A Yakobe atamufunsa kuti chachitika n'chiyani, mwana anafotokoza m'mawa uja mwandondomeko, monga mmene anauonera.

"Anamwa mankhwala, kenako anagwa."

A Yakobe anati, "Tamva, mwanawe. Usanenenso."

Jacqueline anandiuza pambuyo pake kuti m'kati mwa misozi yonseyo anamva kachimwemwe kakang'ono, kuti amumva osamubwerezetsa, ndipo mukanakhalapo mukanamunyadira.

Inu mukudziwa, achimwene, mmene mawu awiri amenewo amamvekera kwathu akanenedwa za munthu wofa mwadzidzidzi, makamaka munthu amene dzana lomweli amuona akunyozedwa pa kanema. Ine kapena alamu tikanati mapilitsi a BP. Jacqueline liwu limene ankalidziwa ndi limodzi lokhalo, ndipo palibe amene anamuuzapo kuti kwathu munthu akati uje wamwa mankhwala n'kufa, ndiye kuti akunena kuti wadzipha.

Masabata onse amene tinkayendetsa zonyamula thupi lanu tinkalankhula ndi kumudzi tsiku ndi tsiku. Ndikangoyamba kufotokoza za mtima, ankandidula mwaulemu, akuti tamva zonse, musadzivutitse. Ife tinkati koma abale athu ndi achifundo, sakufuna tizibwereza zowawa. Iwo ankati anthu a kunjawa akubisa manyazi, tiyeni tiwathandize kubisa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa. Kuno khonsolo inatsitsa mbendera, holo inadzaza mpaka anthu kuima panja, ndipo bambo wa majekeseni uja anali mmodzi mwa onyamula bokosi. Anthu anu a pasiteshoni anabwera atasamba, atavala majekete obwereka, n'kukhala mzere wakumbuyo.

Titafika kumudzi, chinthu choyamba chimene ndinaona n'chakuti amayi a mpingo abwera opanda yunifomu. Ndinati mwina avala mawa. Kutacha, kwaya kunalibe, abusa akuti achokapo, ndipo bokosi silinalowe m'tchalitchi mmene munabatizidwira. Adzukulu anatitsogolera kumanda, anadutsa pamene agona bambo ndi mayi osaima, anapitirira mitumbira yonse ya banja, mpaka kumphepete kwenikweni, kutchire kumene kwathu amaikako anthu odzipha. Dzenje linali kumeneko. Ndinawagwira jekete a Yakobe pamaso pa anthu onse n'kuwafunsa kuti akuchita chiyani ndi m'bale wawo. Anayankha motsitsa mawu, koma pamanda panali chete moti aliyense anamva.

"Achemwali, tisavutane pano. Mwana wake yemwe ndi amene anatiuza."

Jacqueline anali pambali panga atanyamula nkhata ya maluwa. Anamva liwu lililonse. Ndinaona nkhope yake ikufunafuna chimene ananena, kenako ikuchipeza. Sanalire. Anangoika nkhatayo pansi pang'onopang'ono ngati ingasweke.

Tinafotokoza, tinalumbira, alamu anagwada pafumbi. Ena anagwira pakamwa, ena anayang'anana ngati akuti tinanena kuti adzakana. Adzukulu anati dzenje lokumbidwa kale silingasiyidwe lopanda munthu, ndipo dzuwa linali litapendeka. Munalowa m'nthaka popanda nyimbo, achimwene. Inu amene munkaimba mokweza kuposa kwaya yonse, munatsitsidwa anthu akungomva phokoso la zingwe. Mpaka lero ndikakumbukira ndimaima pamene ndili, kaya ndi pakati pa shopu, kaya ndikusambitsa nkhalamba kuntchito.

Chibwerereni kumaliro, Jacqueline sanatulutsenso liwu la Chichewa, ngakhale zikomo. Anasamuka kunyumba n'kukakhala yekha m'kachipinda ku Fremantle. Kumapemphero a Amalawi anasiya kubwera, kumaukwati ayi, ndipo akamva anthu akulankhula chathu m'sitima ankasamukira kwina. Anawonda mpaka wotchi kumugwa pamkono. Tinamuuza kambirimbiri kuti si mlandu wake, kuti olakwa ndi akuluakulu amene anamva chinthu chotere n'kusafunsa. Iye ankayankha kuti adadi anamupempha chinthu chimodzi moyo wawo wonse, ndipo tsiku limene anachichita anawakwirira kutchire. Ndinene mosabisa: tinkaopa kuti titaya awiri. Foni ya alamu ikalira mtima unkangoti phwii. Ndipo munthu yekhayo m'banja lathu amene ankadziwa kulankhula ndi anthu ofika pamenepo munali inu.

Kumudzi zoona zinadziwika pang'onopang'ono. Mpingo unapepesa. A Yakobe akalamba nazo nkhaniyi, tsitsi lonse mbuu, ndipo ine ndinatha chaka osawalankhula, sindikubisa. Iwo ndi amene anabweretsa maganizo oti tisanamange chiliza akufukuleni, akugonekeni pakati pa makolo, ndi mapemphero onse amene munamanidwa. Alamu anavomera. Ine ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Jacqueline tinamutumizira uthenga, sanayankhe.

Mwezi watha, Loweruka masana, amayi ake anamuchonderera kuti abwere ku Midland, poti kumudzi linali tsiku lolambula kumanda ndipo a Yakobe ankafuna kutionetsa pafoni ya kanema malo atsopano amene akusungirani. Anabwera, nakhala pakona pa tebulo jekete osavula. Kumudzi kunali kukadali m'mawa. A Yakobe anati ayambe atationetsa pamene mwagona, ndipo ine ndinakonzeka kuona tchire lija. Tchire kunalibe. Njira yotakata inali itapita mpaka kumphepete, ndipo mitumbira yonse ya mbali imeneyo, imene tsiku lija sinkaoneka n'komwe m'udzu, inali yolambulidwa bwinobwino.

Tikadali odabwa, mayi wina wachikulire atanyamula khasu anasuzumira pafoni n'kufunsa ngati mtsikana ali pakonayo ndi mwana wa a meya. Anati iye ndi mayi wa Mcdonald, amene wagona moyandikana nanu, mnyamata amene chamba ndi kachasu zinamusokoneza mutu mpaka anadzimangirira. Anati zaka zonsezi panalibe wolambula mbali imeneyo, ndipo iye ankachita manyazi kupitako yekha anthu akumuona, moti malo enieni amene anagona mwana wake anali atayamba kumusokonekera. Koma anthu atadziwa kuti a meya anawalakwira, anayamba kulambula mpaka kumeneko, ndipo poti sakanalima mtumbira umodzi n'kusiya woyandikana nawo, ana a anthu enanso analambuliridwa. Tsopano amapita ndi amayi anzake atatu, masana, osabisala. Anati wamva kuti tikukuchotsani. Sanatiletse, anati m'bale ndi wathu. Anangofunsa, maso ali pa Jacqueline, ngati mukachoka njirayo idzamerenso udzu.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhire mwana monga takhala tikuchitira zaka ziwirizi. Jacqueline anandigwira mkono. Anakoka foni n'kuiyang'anitsa kwa iye. Chichewa chake chinali chokhota monga kale, koma panalibe woti amve molakwika.

"Amayi, adadi sachoka. Akhala pomwepo ndi mwana wanu."

A Yakobe ayenera kuti anakhala pansi, chifukwa pafoni tinangoona mitambo ndi nsonga za mitengo. Ine ndinakwiya, achimwene. Zaka ziwiri ndikulota mukuchoka kutchire, ndiye mwana angodzuka n'kugamula yekha? Ndinayang'ana alamu kuti akane, poti mwamuna ndi wawo. Alamu anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mwana wawo, osati foni. Kenako anaitana a Yakobe, n'kuwauza kuti malo a pakati pa makolo apatse wina, koma mbali yotsala pafupi ndi inu asaikepo munthu, chifukwa iwo akadzamwalira, kwawo ku Mchinji sadzapitako.

Ndiye chiliza timanga pomwepo mu Julaye, ndipo kwaya yavomera kudzaimba kumphepete. Jacqueline wabwerera m'chipinda chake ku Midland, akudya, ndipo ulendowu akupita nafe. Akukulirani alamu Annastazia, amene mpaka pano amatulutsa makapu awiri a tiyi n'kubweza imodzi. Akukulirani a Yakobe, amene satha kutchula dzina lanu osavula chipewa. A Evaristo alibenso wokangana naye za mpira. Anthu anu a pasiteshoni amatiimitsabe kufunsa ngati galimoto yachipatala ija idzabwera. Ine mtima sunatsike, ndipo sindikudziwa ngati udzatsika, chifukwa ndinkafuna mugone pafupi ndi mayi. Koma mwana wanu wanena, ndipo nthawi ino tonse tamumva bwino.

Gonani pomwepo, achimwene. Ife tikadali ndi mpweya, dzina lanu silidzachoka pakamwa pathu.